Za Injini ya Boti Lathu la ku Chilwa

Ife a pa Songani ndife anthu a kumtunda, okhala patsinde pa mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo wina angadabwe kuti tiyamba bwanji kulemba za maboti ndi mainjini ake. Koma madzi otsika m'mapiri athuwa, a m'Domasi ndi a m'Likangala, amakathera ku nyanja ya Chilwa. Ndipo matemba, milamba ndi makumba amene timagula pamsika pano amachokera komweko. Ambiri a ife tili ndi mwana kapena mlamu amene amagona ku dooko la Kachulu. Tsono tikufuna kukusimbirani m'mene banja lathu lidavutikira posankha injini, pakuti padatsala pang'ono kuti nkhaniyi itidanitse, ife ana a mimba imodzi.

Mudali m'chaka cha 2016. Mlamu wathu, mwamuna wa mlongo wathu wamng'ono, adali ndi boti la matabwa, lotalika mamita 7, limene ankaolotsera anthu ndi katundu pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi. Ankaliyendetsa ndi nsungwi yaitali, kukankha pansi pa nyanja, monga achitira ambiri kumeneko, popeza nyanja ya Chilwa njosazama: m'malo ambiri munthu amafika pansi ndi nsungwi. Ntchitoyo njolemetsa, ndipo chifuwa cha mlamuyo chidayamba kudwala. Pamenepo tidapangana kuti tisonkhe ndalama za mpunga wa chaka chimenecho, ena agulitse mbuzi, timugulire injini, phindu tizigawana.

Kusonkha sikudavute. Chidavuta ndi funso lakuti tigule yaikulu bwanji.

Mphamvu ya injini imayesedwa ndi akavalo. Muyeso umenewu adauyambitsa James Watt wa ku Scotland, pofuna kuonetsa anthu a nthawi yake kuti makina ake angagwire ntchito ya akavalo angati. Ife kuno akavalo sitiweta, koma muyesowo tidaulandira, ndipo asodzi amangotchula nambala yokha: ya 15, ya 25, ya 40. Injini zopachika kumbuyo kwa boti zidayamba kutchuka ku America, pamene Ole Evinrude adapanga yake mu 1909. Lero zambiri zimene mungaone pa nyanja zathu ndi za ku Japan, makamaka za Yamaha.

Achimwene athu aakulu adafuna ya 40. Ankati munthu ukagula, gula kamodzi. Ankatinso boti lofulumira ndilo anthu amalithamangira, ndipo pa dooko adzatipatsa ulemu. Wogulitsa wina amene tidacheza naye adavomereza zomwezo ndi mawu okoma, ndipo sitimuimba mlandu kwambiri, pakuti yaikulu ndiyo ya ndalama zambiri. Atsibweni athu, amene adakhala zaka zambiri m'zimbowera, timisasa ta asodzi toyandama pa njedza, adangoti: "Ana inu, mwafunsa wogulitsa, kodi boti mwalifunsa?" Achimwene adakwiya nati, "Atsibweni, inu mudazolowera nkhafi, za makina simuzidziwa." Mawu amenewo adapweteka, ndipo masiku atatu awiriwo sadadyere pamodzi.

Amayi ndiwo adadula mlandu. Adati tibwereke injini zonse ziwiri kwa eni ake pa dooko, tilipire petulo, tiyese pa boti lathu lomwelo, maso aone okha. Tidatero.

Tidayamba ndi ya 40. Kuinyamula kokha kudafuna amuna awiri amphamvu, pakuti imalemera makilogalamu opitirira 70, pamene ya 15 sifika ndi 40 omwe. Titaipachika, kumbuyo kwa boti kudatitimira, madzi nafika pafupi ndi mlomo wa thabwa. Mlamu atatsegula mphamvu yonse, mutu wa boti udadzuka, kumbuyo kudakumba dzenje m'madzi, funde lalikulu nkumatitsata, phokoso lili gogogo. Koma liwiro lidangoonjezeka pang'ono chabe. Achimwene adayesa kuti injiniyo njodwala. Sidali yodwala ayi. Chifukwa chake tidachimva bwino pambuyo pake, ndipo nchoyenera kuti aliyense wofuna kugula achidziwe.

Maboti ali a mitundu iwiri. Ena ngopepuka, a pansi posalala, opangidwa kuti akathamanga azikwera pamwamba pa madzi ndi kutsetsereka. Amenewo ukawapatsa mphamvu yambiri, amathamangadi. Koma boti lolemera la matabwa, lodzaza anthu ndi matumba, silikwera pamwamba; limang'amba madzi ngati khasu m'dothi, ndipo poyenda limadzipangira funde lake. Likafika pa liwiro lina, funde limenelo limatalika molingana ndi boti lenilenilo, ndipo boti limakhala ngati lagwera m'chigwa pakati pa zitunda ziwiri za madzi, nkumayesa kukwera chitunda cha patsogolo. Malire amenewo amatsata kutalika kwa boti. Kwa boti la mamita 7 ali pafupi ndi makilomita 12 pa ola. Kufika pamenepo sikufuna akavalo ambiri. Kupitirira pamenepo kumafuna ochuluka zedi, ndipo mphamvu yotsalayo imangothera kukumba madzi. Atsibweni sadaphunzire zimenezi m'buku, koma adaziona ndi maso zaka zonse zija.

Nanga petulo? Apa mpamene achimwene adayamba kukhala chete. Injini za mtundu wosakaniza petulo ndi oyilo zimamwa pafupifupi theka la lita pa kavalo aliyense pa ola, zikatsegulidwa mphamvu yonse. Ndiye kuti ya 15 imatha malita ngati 7 pa ola, ya 40 pafupifupi 20. Werengani nokha, abale: anthu okwera ndi omwewo, mtengo wa ulendo ndi womwewo, nthawi yofika yasiyana pang'ono, koma petulo wachuluka pafupifupi katatu. Ndiponso petulo wa ku nyanja amachita kunyamulidwa m'zigubu kuchokera ku Zomba, ndipo pofika pa dooko mtengo wake wakwera kale. Phindu limene tinkati tizigawana likadathera mu thanki.

Pobwera tsiku lomwelo tidaona chinthu china choopsa. Thabwa la kumbuyo, pamene injini imamangidwa, lidachita mng'alu pafupi ndi misomali. Mmisiri amene adakhoma botilo sadalikhomere injini yotere. Maboti opangidwa ku fakitale amakhala ndi kachitsulo kolembapo mphamvu imene sayenera kupitirira ndi katundu amene angasenze. Koma maboti athu okhomedwa pansi pa mtengo alibe kachitsulo kotero, ndipo woyenera kumufunsa ndi mmisiriyo. Thabwa limenelo likadazuka pakati pa nyanja, injini ikadamira, madzi nalowa pomwepo, ndi amayi obereka ana m'botimo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'mawa mwake tidayesa ya 15, titakweza anthu 12 ndi matumba a nsomba zouma. Boti lidakhala bwino pamadzi, osapendama kumbuyo, ndipo tidafika ku Chisi mochedwerapo pang'ono kusiyana ndi dzulo lake. Achimwene adapita kwa atsibweni madzulo, atanyamula nkhuku.

Musaganize kuti tikuyamikira kuchepa kokhakokha. Injini yochepetsetsa nayonso ndi msampha. Wina pa dooko adali ndi ya akavalo 5 pa boti lalikulu ngati lathu, ndipo pa tsiku la bata inkamuyendetsa ndithu. Koma inkalira mphamvu yonse tsiku lonse, motero inkatha msanga, ndipo mphepo ikadzuka idalibe chotsala chakuti ionjeze. Vuto limeneli nlakale. David Livingstone, amene adafika pa nyanja ya Chilwa mu April 1859, adabwera wapansi, atasiya sitima yake ya Ma Robert pa mtsinje wa Shire. Sitima imeneyo idamusautsa kwambiri chifukwa inkadya nkhuni zambiri koma mphamvu yolimbana ndi madzi othamanga idali yochepa. Injini yoyenera ndi imene imayendetsa boti lodzaza bwinobwino isadatsegulidwe yonse, kuti pakhale kanthu kosungira tsiku loipa.

Padatsala nkhani ya mwendo, ndipo apa tidalakwa ife tomwe. Injini za mphamvu imodzi zimabwera ndi miyendo iwiri: waufupi, wa thabwa la kumbuyo lotalika masentimita ngati 38, ndi wautali, wa masentimita ngati 51. Lamulo lake nlakuti kachitsulo kopyapyala kamene kali pamwamba pa pulopela kalingane ndi pansi pa boti. Ife sitidayeze thabwa lathu. Tidangoti wautali ndiwo wabwino, monga amachitira a ku nyanja yaikulu ya Malawi kumene madzi ngozama. Pa Chilwa mwendo wautaliwo udayamba kulima matope. Pulopela inkakulunga udzu, tizibowo tolowera madzi oziziritsa injini tinkatsekeka, ndipo kamadzi kamene kamatuluka kumbuyo kusonyeza kuti injini ikuzizira bwino kadaleka kawiri sabata imodzi. Kamadzi kameneko kakaleka, zimitsani pomwepo, mungaphike injini. Mwamwayi tidapeza munthu wa boti lalitali kumbuyo amene adafuna mwendo wautali, ndipo tidasinthana, ife titaonjezapo pang'ono. Chingwe choyezera cha telala chikadatipulumutsa ndalama imeneyo. Makaniko wina adatilangizanso kuika pulopela ya mapiko opendekeka pang'ono, yoyenera katundu wolemera, imene imakoka ngati ng'ombe ngakhale sithamanga. Ndipo malangizo akewo adali oona.

Bambo Mfumu adadalitsa botilo pa 29 June, tsiku la Petulo ndi Paulo Oyera, pakuti Petulo adali msodzi ndipo asodzi athu amamukonda. Nyengo imeneyo ndiyo ya mwera. Patapita masabata awiri, mlamu adanyamuka ku Chisi masana, mphepo itayamba kale, atakweza anthu ochuluka kuposa masiku onse chifukwa kudali maliro ndipo adachita manyazi kukaniza abale. Nyanja yosazama imadzuka msanga. Mafunde ake ngaafupi, otsatizana, ndipo amamenya boti osalipatsa mpata wopuma. Injini idalira mphamvu yake yonse, boti nkumangokwawa, anthu awiri akukapa madzi, amayi ena akunena Kolona mokweza. Adafika, koma mlamu akuti miyendo idamunjenjemera kufikira usiku. Achimwene atamva adati, "Mwaona? Ikadakhala ya 40." Atsibweni adayankha kuti ya 40 ikadamiza kumbuyo msanga ndi kulemera kwake, ndipo cholakwa chidali chiwerengero cha anthu. Ife tikuganiza kuti atsibweni adanena zoona, ngakhale tivomereze kuti ya 25 ikadathandizako tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo mlamu adapaka mzere wa penti m'mbali mwa boti: madzi akafika pa mzerewo, sakweza munthu wina, angakhale mfumu. Tidagulanso majekete oyandamitsa, ochepa poyamba, ena pambuyo. Ndipo nsungwi ndi nkhafi sizichoka m'botimo.

Pali chinanso chimene sitidachiganize pogula, chonsecho akulu onse amachidziwa. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotuluka. Imadalira mvula ndi mitsinje yolowa, ndipo mvula ikachepa zaka zotsatizana imaphwa. Idauma mu 1968, idaumanso mu 1995. Mu 2018 madzi adathawanso, maboti nakhala pa matope ong'ambika pa Kachulu, asodzi ambiri nabalalika kukafuna ganyu. Mlamu adamasula injini, naimanga pa njinga, nabwera nayo kuno ku Songani. Tidaitsuka, tidakhuthula petulo yense, tidaiimika chilili m'chipinda cha amayi, titaifunditsa chiguduli. Miyezi imeneyo sidalowetse ngakhale tambala. Tikadagula yaikulu ija, tikadaonjeza ngongole pamwamba pa ndalama za mpunga, ndipo wokongoza sakadadikira mvula. Munda wa amayi ukadapita.

Mvula yaikulu ya mu March 2019 idadzazanso nyanja. Mlamu adabwera kudzatenga injini, ndipo tonse tidamuperekeza kufikira pa msewu. Pa dooko idakana kawiri, kachitatu idalira. Thabwa long'aluka lija mmisiri adalichotsa naikapo lochindikala, koma lakalelo amayi adalisunga. Amaikapo mtsuko wa madzi pakhonde. Achimwene mpaka lero, akamwa tiyi, amatchulabe ya 25, ndipo tapangana kuti mlamu akadzakhomesa boti la mamita 9, tidzabwerekanso ziwiri tikayese.