Kukwera Phiri la Sinai Usiku

Minibasi inanyamuka ku Dahab, tauni ya m'mbali mwa Nyanja Yofiira m'dziko la Egypt, cha m'ma 11 koloko usiku. Phiri la Sinai ambiri amalikwera mumdima, pothawa dzuwa la m'chipululu komanso pofuna kuti kukawachere ali pamwamba. Tinayenda maola awiri ndi kanthu mumsewu wopanda mudzi, wopanda ngakhale galu wouwa, kungoima pa malodibuloko pomwe apolisi ankatiunika kumaso n'kumatembenuza mapasipoti. M'galimotomo munali gulu la mpingo lochokera ku Korea, amayi angapo a ku Nigeria, ndi ife ena ongobwera kudzaona malo. Ine kutchalitchi ndinali nditasanduka wa pamaliro ndi paukwati pokha, ndipo phirili ndinkaliwerengera pamodzi ndi mapiramidi, malo okajambulitsako chithunzi basi.

Titatsika, chisanu chinatilonjera. Poyambira ulendo ndi pokwera kale mamita oposa 1,500, ndipo mphepo yake imalowa mpaka m'mano. Zikwama zitaunikidwa ndi achitetezo, anatipatsa wotiperekeza, poti kuno mlendo sakwera yekha. Operekezawa ndi a fuko la Jebeliya, omwe amati makolo awo anatumizidwa kuno ndi mfumu Justinian zaka pafupifupi 1,500 zapitazo kudzateteza ndi kutumikira amonke. Lero ndi Asilamu, koma ntchito yokweza Akhristu paphiri la Mose ikadali m'manja mwawo. Wathu anali mnyamata wochepa thupi, wovala mkanjo ndi jekete, kumapazi nkhwaira zokha. Tochi analibe.

Tinalambalala linga la nyumba ya amonke ya St Catherine, lili bii mumdima, n'kulowa m'fungo la ndowe ndi utsi wa fodya. Kenaka mwala womwe ndinati ndiuzungulire unabuula. Inali ngamila. Zinali zitagona mbwee m'mbali mwa njira, zikubzikula, eni ake akuitanira aliyense wodutsa. Mtengo ankayambira pa madola pafupifupi 20, koma unkatsika munthu akachita ngati akupitirira. Ndinasankha miyendo yanga.

Njira ya ngamila ndi ya makilomita pafupifupi 7, ndipo inalambulidwa m'zaka za m'ma 1800 molamulidwa ndi Abbas Pasha, wolamulira Egypt nthawi imeneyo. Imakwera mokhotakhota, pang'onopang'ono, pa miyala yogumukagumuka yomwe imalira tsekwetsekwe pansi pa nsapato, ndipo ukatembenuka umaona mzere wa timatochi ukukwawa kuchokera kuchigwa. Pakapita kamtunda pamakhala kanyumba ka miyala kokhala ndi benchi yoyalidwa makalapeti, momwe amagulitsa tiyi, madzi, mabisiketi ndi chokoleti. Kapu ya tiyi wotsekemera zedi inali pafupifupi dola imodzi kumunsi, koma mtengo unkakwera limodzi ndi phiri. Sindinadandaule: chilichonse, ngakhale madzi ophikira tiyiyo, chimafika kumeneko pamsana pa ngamila kapena pa munthu.

Titapitirira theka la ulendo, mnyamata uja anatiimitsa n'kutipempha kuti tizime matochi onse. Poyamba kunali mdima wa ndiweyani. Maso atazolowera, nyenyezi zinatuluka zochuluka mochititsa mantha, zotsika mpaka kukhudza nsonga za mapiri, ndipo kunali zii, kopanda nkhululu, kopanda chule, kopanda tsamba logwedezeka, kungomveka mtima wanga ukugunda m'makutu. Anati tiyende choncho pang'ono. Ndinatsata phokoso la nkhwaira zake, phwa, phwa, osaona pomwe ndikuponda. Pamenepo ndi pomwe funso linandipeza. Moyo wanga ndinali nditaupereka kwa mnyamata yemwe ndinangomuona usiku womwewo, osamufunsa chikalata chilichonse, chifukwa chakuti iye njira ankaidziwa ndipo ine ayi. Nanga bwanji kwa Mulungu ndakhala ndikuumirira kuti ayambe wandionetsa njira yonse ndisanasunthe phazi?

Pomwe ngamila zimalekezera pamayamba masitepe 750 omaliza. Si masitepe ngati a m'nyumba. Ndi miyala yosanjikizidwa, ina yofika m'bondo, ina yopendekeka. Apa nthabwala zinatha. Thukuta linali litanyowetsa malaya, mphepo n'kumaliziziritsa pamsana, ndipo mpweya unkaperewera. Kutsogolo kwanga kunali mmodzi wa amayi a ku Nigeria aja, wa msinkhu wa amayi anga ondibereka, amene ankakwera masitepe ochepa, kuima, kupuma wefuwefu, n'kuthokoza Yesu mokweza. Ndinawalandira chikwama. Iwo anandigwira pamkono nati, “Mwana wanga, usayang'ane kumwamba, yang'ana mwala wotsatira.” Pofika chapakati, akathokoza, ndinadzimva ndikuvomera kuti ameni.

Pamwamba ndi mamita 2,285. Sapitwa wathu wa ku Mulanje, wa mamita 3,002, amaliposa, koma kuno kulibe udzu kapena mtsinje, ndi thanthwe lokhalokha. Pali katchalitchi ka Utatu Woyera komangidwa mu 1934 pa mabwinja a tchalitchi chakale, ndipo tinakapeza kokhoma. Pambali pake pali kamzikiti. Ndinabwereka bulangete pa madola awiri. Linkanunkha utsi ndi ngamila, koma ndinalifunda mpaka kumutu, n'kudzipanikiza pakati pa anthu osawadziwa, tonse tikuyang'ana kum'mawa.

Kunayamba kufiira, mapiri akutuluka mumdima mzere ndi mzere, ofiirira, ena ngati a golide, mpaka phiri la Catherine, lalitali koposa onse mu Egypt pa mamita 2,629, linaonekera chakumwera. Akorea anayamba nyimbo, ena akulira, ena akupemphera m'zilankhulo zawo, mafoni ali m'mwamba. Kunali kokongola. Koma ine chomwe ndinkamva ndi kuzizira kwa zala basi.

Zanga zinandipeza potsika. Masitepe omwe aja, tsopano kutayera, anaonetsa zomwe usiku unabisa: malo ena m'mbali mwake muli phompho loti mwala ukaugwetsa umamveka mochedwa, ndipo palibe chogwirira. Pamenepo ndinadutsapo mumdima, nditatopa, nditanyamula zikwama ziwiri, osadziwa kanthu. Miyendo inalefuka. Ndinakhala pamwala, anthu akundilambalala, ndipo ndinayamba kuwerenga maphompho ena a m'moyo wanga omwe ndinawadutsa ndikudzitama kuti ndine wochenjera. Pemphero lomwe linatuluka linali lalifupi, la m'Chichewa, lopanda mawu okometsera. Ndinangothokoza.

Pansi pa masitepewo pali kachigwa kotchedwa dzina la mneneri Eliya, komwe kuli katchalitchi ndi mtengo wautali, wakalekale, wooneka ngati mkungudza, wobiriwira pakati pa miyala yowuma. Mwambo wa amonke umati apa ndi pomwe Eliya anabisala pothawa Yezebeli, pomwe Mulungu anamuyankhula mwakachetechete mphepo, chivomezi ndi moto zitadutsa. Nkhaniyi ndinaiphunzira ndili mwana ku Sande sukulu, koma inamveka mwa mtundu wina nditaimva ndili pamalo opanda phokoso ngati amenewa.

Kuchokera apa tinatsata njira yachidule, Masitepe a Kulapa. Onse pamodzi ndi aja apamwamba amakwana 3,750, ndipo amati anawasanja ndi amonke monga ntchito ya kulapa. Amatsika tsetsereke pakati pa makoma awiri a thanthwe, kudutsa pa zipata ziwiri za miyala. Pa chimodzi, kalelo pankakhala mmonke wotchedwa Stephen, amene ankamva kulapa kwa aliyense asanamulole kukwera. Mawondo anga ankanjenjemera, dzuwa litayamba kuotcha pakhosi, pomwe nyumba ya amonke inaonekera pansi penipeni, kabokosi ka miyala kokhala ndi munda wa mitengo ya azitona pambali.

Nyumbayi inamangidwa pakati pa zaka za 548 ndi 565, ndipo mapemphero sanalekemo chimangidwire. Imatsegulira alendo maola ochepa m'mawa. Tinalowera pa kakhomo kakang'ono m'linga lochindikala, n'kupezeka m'tinjira topapatiza tonunkhira lubani ndi sera. M'tchalitchi, nyale zambirimbiri zalendewera kudenga pa maunyolo, ndipo amonke a Greek Orthodox, a ndevu zazitali ndi mikanjo yakuda, amangoyang'anira kuti anthu asachite phokoso. Kuseri kuli chitsamba chomwe amati ndi chija Mose anachiona chikuyaka osanyeka. Ndi chitsamba cha minga, choyanga pamwamba pa khoma, ndipo alendo amadumphira kuti akhudzeko tsamba. Pafupi pake anaikapo chozimira moto. Ndinaseka ndekha.

M'lingamo mulinso mzikiti. M'nyumba ya amonkeyi ndi momwe munkasungidwa Codex Sinaiticus, limodzi mwa mabuku akale kwambiri a Baibulo, lolembedwa pamanja m'zaka za m'ma 300. Gawo lalikulu lili ku British Library ku London, koma masamba ena akadali pano. Kumunda kuli nyumba ya mafupa. Poti dothi lokumba manda ndi lochepa, mmonke akaikidwa, patapita zaka amafukula mafupa ake n'kuwasanja pamodzi ndi a anzake, zigaza pazokha. Stephen uja ali momwemo, atakhala tsonga m'zovala zake za umonke.

Akatswiri a mbiri sagwirizana ngati phiri limeneli ndi lomwedi Mose analandirirapo malamulo. Ena amaloza mapiri ena. Mkangano umenewo sunandichotsere kanthu. Mulungu sakhala pa Sinai kuposa pa Bunda kapena pa Soche pomwe anthu akwathu amakapemphera. Chomwe phirili limachita ndi kumulanda munthu zomwe amadalira, maso, mphamvu ndi nzeru zake, kwa usiku umodzi, kuti aone kuti nthawi yonseyi pali wina amene wakhala akumuyendetsa. Mukadzapeza mwayi wopita ku Egypt, musathere pa mapiramidi. Tengani jekete yochindikala, nsapato zolimba ndi ndalama zing'onozing'ono za tiyi, mukwere usiku, ndipo potsika muyende pang'onopang'ono, mukuyang'ana m'mbali mwa njira yomwe munadutsa.