Kachipangizo Kakakana Malungo, Ntchito Ndiye Yayamba

Pamsika pathu pali mnyamata wa kantemba amene anthu ayamba kumuitana kuti adokotala. Amagulitsa Panadol ndi makapisozi, awiriawiri m'kapepala, malinga ndi ndalama imene munthu wafumbata. Sagwira wodwala pamphumi, samufunsa kumene wakhala. Ine amene ndinaphunzira za clinical officer ku Chainama, ku Lusaka, amandibweretsera wodwalayo zitavuta kale, atamunyamula panjinga. Chikhalirecho boma linachotsa malipiro m'zipatala zakumidzi mu 2006. Akuwononga ndalama pa zimene kwathu n'zaulere!

Za kuika ana pasikelo, katemera ndi kumanga mabala sindinenapo, aliyense wa ntchitoyi amazidziwa. Malungonso masiku ano savuta: kubaya chala, kudonthezera magazi pa kachipangizo ka RDT, mizere iwiri ikaoneka n'kupereka Coartem wa masiku atatu. Povuta m'pamene mzere uli umodzi koma thupi likuotcha.

Kuno tagundizana ndi nkhalango ya Lukusuzi, ndipo kumunsi kwake kuli chigwa cha Luangwa, kwa Mwanya, kwa Chitungulu ndi kwa Kazembe, kumene kuli ntchentche za kashembe. Kachilombo ka kaodzera wa mtundu wa rhodesiense anakazindikira mu 1910 m'magazi a munthu amene anadwalira m'chigwa chomwechi. Kaodzera amayamba ngati malungo: mutu, kutentha thupi, kuphwanya m'mfundo. Ukamulekerera amalowa mu ubongo, ndipo m'miyezi yochepa anthu akumba manda.

Amene anandiphunzitsa zimenezi anali mkulu wina amene ndinamupeza pa kiliniki yanga yoyamba, wa ndevu zaimvi, wosaseka wamba. Sankalola kuti ugwire cholembera usanafunse kuti, "Bambo, masabata apitawa munali kuti?" Wofula njuchi, wosodza, wosaka mozemba, onsewo amayankha mozungulira, ndiye umafunsa mwaulemu, chitseko chili chotseka. Kenako ankakuvulitsa wodwala malaya kuti ufune chotupa pamene inaluma ntchentche, upapase m'khosi ndi m'khwapa ngati muli mwanabere. Maikulosikopu yake inali ya kalilole, yodalira dzuwa la pawindo, ndipo ankaifunditsa nsalu ngati khanda. Dontho la magazi ukaliyala pagalasi ankaliika pamwamba pa nyuzipepala: zilembo zikapanda kuoneka, ndiye kuti wakhuthalitsa, kayambirenso. Giemsa ankasakaniza yekha m'mawa, wadzulo ankataya. Koma chimene ankakonda n'dontho laliwisi lovindikira ndi kagalasi kopyapyala. Umayang'ana modekha mpaka uone maselo ofiira akugwedezeka pamalo amodzi, pakati pake kanthu kakupirikita. Akakaona sankafuula, ankangosuntha pampando n'kunena kuti, "Bwera udzaone wekha."

Ophunzira amene amabwera kwathu ndimawadutsitsa momwemo, pamodzi ndi othandiza zaumoyo m'midzi. Ambiri mitu yawo ili bwino, koma amakhulupirira kachipangizo kuposa maso awo. Ndimawakhazika pambali panga, iwo azifunsa, ine ndili chete. Wakuti sadziwa Chitumbuka amaphunzira kaye kulonjera agogo, chifukwa wodwala amene sunamupatse moni sakuuza zonse. Amayi ndi abambo a SMAG, operekeza apakati kuchipatala, ndimawauza kuti aliyense wochokera kuchigwa amene malungo ake sakumva mankhwala abwere naye msanga.

Odwala nawo ali ndi zawo. Wina ukamupatsa mapilitsi amanyinyirika, ati popanda jakisoni sanathandizidwe. Wina amamwa Coartem tsiku limodzi, akapezako bwino otsalawo n'kusungira mkazi wake. Ukalemba kalata yoti apite ku Lumezi kapena ku Lundazi, abale amayamba kuwerengera mtengo wa njinga yamoto, ndipo m'dzinja mitsinje ikadzaza mtengowo umakwera. Ndiye kalata sindilemba mwachisawawa, koma ndikailemba ndimaitana mwini mbumba n'kumuuza mosabisa kuti mbuzi igulitsidwe lero, wodwala anyamuke m'mamawa.