Kuchokera ku Sèvres Kukafika ku Jardin des Plantes: Kumene Rubi Anamera M'ng'anjo

Ulendowu umayambira m'sitima ya pansi pa nthaka ya mumzinda wa Paris, njanji ya nambala 9, yomwe imathera pa Pont de Sèvres, ndipo kuchokera pamenepo mlendo amawoloka mtsinje wa Seine wapansi kuti akafike ku fakitale yotchuka youmba mbale zadothi ya Sèvres. Nyumba zomwe amazipeza lero ndi za mu 1876, koma m'nyumba zakale za fakitaleyi, chapatali pang'ono, ndi momwe Jacques-Joseph Ebelmen, amene anakhala mkulu wake mu 1847, anayesera chinthu chimene chikupindulitsa asayansi mpaka lero.

Vuto lake linali la moto. Krustalo, kutanthauza mwala umene maatomu ake andandalikana mwadongosolo limodzi kuchokera mbali ina kufika mbali ina, amamera bwino kuchokera m'zinthu zamadzimadzi, koma ma oxide, omwe ndi zitsulo zogwirizana ndi okosijeni, sasungunuka wamba: alumina, amene ndi thupi la rubi, amafuna madigiri oposa 2,000. Ebelmen anasakaniza ma oxide ndi boric acid m'timbiya, n'kutisiya m'ng'anjo zootchera mbale, ndipo pamene asidiyo ankauluka pang'onopang'ono, timakrustalo ta spinel, chrysoberyl ndi emarodi tinkatsalira. Chosungunuliracho chimatchedwa flux, ndipo chimagwira ntchito ngati madzi kwa mchere, umene umasungunuka popanda kuuotcha n'kubwereranso m'timibulu madziwo akauma.

Chigawo chachiwiri cha ulendo chimadutsa mzinda wonse kulowera kum'mawa, kukafika ku Jardin des Plantes, pafupi ndi siteshoni ya Austerlitz. M'chipinda cha miyala cha kumeneko muli akrustalo akuluakulu ochokera ku Brazil, ena ofika m'chiuno mwa munthu, a nkhope zosalala ngati zosemedwa pamene palibe dzanja linawakhudza, ndipo ndi pamaso pa miyala imeneyi pomwe kulimba mtima kwa wasayansi Edmond Frémy kumaonekera. Mu 1877, iye ndi Charles Feil, katswiri wa magalasi, anatenthetsa alumina ndi oxide ya mtovu m'mbiya zadothi kwa masiku pafupifupi 20, atathiramo mchere wa chromium wopatsa kufiira, ndipo anatulutsa rubi weniweni, ngakhale anali timapale topyapyala tosayenera mphete. Mu 1888, Paul Hautefeuille ndi Adolphe Perrey anameretsa emarodi m'flux ya lithium ndi molybdenum mumzinda womwewo. Wothandizira wa Frémy, Auguste Verneuil, ndi amene anatchuka kwambiri mu 1902 ndi njira yachangu ya lawi la moto, koma kutchukako kwaphimba mosayenera njira yodekhayi, yomwe imatha zimene lawi silingathe.

Ma oxide ambiri a zitsulo ziwiri kapena zitatu amaphwasuka n'kukhala zinthu zina asanafike posungunuka, kotero kuti flux ndiyo imawapulumutsa powameretsa pa kutentha kocheperapo. Masiku ano ufa wa ma oxide ndi flux umaikidwa m'kambiya ka pulatinamu kovundikira bwino, umatenthetsedwa kufika madigiri 1,200 kapena 1,300, kenako umaziziritsidwa ndi digiri imodzi kapena awiri pa ola kwa masiku ambiri, chifukwa kufulumira kumabala timibulu tambirimbiri m'malo mwa akrustalo ochepa aakulu. Pomaliza, flux imatsanulidwa ikadali yotentha kapena imatsukidwa ndi asidi. Mwa njira imeneyi J. P. Remeika wa ku Bell Laboratories ku America anameretsa barium titanate mu 1954, ndipo mu 1958 J. W. Nielsen ndi E. F. Dearborn anameretsa yttrium iron garnet, wofunika m'zida za radar.

Nkhaniyi imakhudzanso kwathu kuno, pakuti emarodi wa ku Kagem m'boma la Lufwanyama ku Zambia ndi rubi wa ku Chimwadzulu ku Ntcheu amakumana pamsika ndi miyala yomera m'flux, ya makampani monga Chatham, yomwe inayambira ku San Francisco. Thupi la miyala yokumbidwa ndi la yomera m'flux ndi limodzimodzi, moti woyeza miyala amadalira maikulosikopu, momwe amafunafuna timadontho ta flux totsekeredwa m'kati ngati utsi wopotana, ndi tizidutswa ta pulatinamu tochokera ku kambiya.