MSOMALI WOBISIKA

Ife okhala kuno ku Makwasa tidziwa kuti mvula ya dziko la Thyolo iri bwenzi la tiyi, koma mdani wa thabwa. Dzinja likapita sitipuma nthawi yaitali, pakuti m'miyezi ya June ndi July cifika ciperoni ndi nkhungu zace, ndipo makhonde a nyumba ndi a sukulu akhala cinyowere masiku ambiri. Cifukwa cace tifuna kukamba ndi awerengi athu, makamaka anyamata ophunzira umisiri, za kanthu kooneka kakang'ono: malo oyenera kukhomapo msomali poyala matabwa a pakhonde.

Amisiri ambiri akhoma msomali pamwamba pa thabwa, mutu wace nuonekera. Njira iyi ndi yacangu, koma taonani cimene citsatapo. Mtengo, ungakhale unadulidwa kale, sunaleke kumwa madzi. Nyengo ya mvula thabwa litupa, ndipo dzuwa la October likafika lifota. Potupa ndi pofota caka ndi caka, thabwalo likankha msomali pang'ono pang'ono kufikira mutu wace utuluka. Madzi aima m'kadzenje kozinga msomaliwo, citsulo cicita dzimbiri, thabwa lida bii, ndipo kubvunda kuyambira pomwepo. Ife aphunzitsi, amene timanga mabala a ana oyenda opanda nsapato, tidziwanso cimene mutu wa msomali ucita ndi phazi la mwana.

Njira ina ndi iyi. Pa khonde lofoleredwa, mmisiri asema kalilime m'mphepete imodzi ya thabwa liri lonse, ndi kangalande m'mphepete inzace. Ayala thabwa pa mitanda yotalikirana ngati masentimita 40, nakhoma msomali copendeka pa tsinde la kalilime, kuti upyoze nulowe mu mtanda. Pamenepo abwera nalo thabwa laciwiri, ndipo ngalande yace imeza kalilime pamodzi ndi mutu wa msomali. Atero kufikira kumapeto, khonde lonse nilikhala see, losaoneka citsulo ngakhale cimodzi.

Pabwalo popanda denga matabwa sayenera kugundana, cifukwa madzi angasowe potulukira. Pamalo otere amisiri a masiku ano asema ngalande m'mbali zonse ziwiri, nalowetsamo tizitsulo tosacita dzimbiri. Kacitsulo kali konse kagwira matabwa awiri oyandikana, kamangidwa ku mtanda ndi sikuluwu, ndipo kasiya mpata wa mamilimita 5 kapena 6 wopitamo madzi ndi mphepo.

Sitibisa kuti njira iyi iri ndi zobvuta zace. Icedwetsa nchito, ifuna matabwa oongoka ndi ouma bwino, ndipo thabwa la pakati likaonongeka kulizula kwace nkobvuta. Nanga tibvutikiranji?

Yankho liri m'mapiri athu. Makolo athu anali ndi mbawa, mlombwa ndi mkungudza wa ku Mulanje umene ciswe ciukana. Mkungudzawo unachedwa mtengo wa pfuko lathu m'caka ca 1984, koma mu 2017 ofufuza anapeza mitengo yaikulu 7 yokha pa phiri lonselo. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo nayonso inatha pafupifupi yonse pofika zaka zoyamba za m'ma 2000. Mtengo umene ucuruka pakati pathu lero ndi bulugamu, amene eni minda ya tiyi abzala kuti apeze nkhuni zoumitsira tiyi. Bulugamu ali wolimba, koma apindika ndi kung'aluka akaumitsidwa mofulumira. Tsono aunjikidwe pamthunzi, timitengo titalekanitsa matabwa kuti mphepo ipite pakati. Thabwa locindikala inci imodzi lifuna ngati caka cathunthu. Ndipo musanakhome msomali m'kalilime, yambani mwaboola kadzenje, kuti thabwa lisang'ambike. Akuluakulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Thabwa limene likhala zaka zambiri pakhonde lipulumutsa mtengo wina kuthengo.

Pali cinthu cinanso cimene tipempha anyamata athu acisunge mumtima. Msomali wa pamwamba mwini nyumba akhoza kuuwerenga. Wobisika auwerenga ndani? Mmisiri waulesi akhoza kudumpha mtanda umodzi pa iwiri iri yonse, nalandira malipiro ace onse, mwini nyumba nayamika. Koma patapita madzinja awiri kapena atatu khonde liyamba kulira pansi pa mapazi, matabwa atukuka, ndipo mudzi wonse ukumbukira dzina la iye amene anawayala. Cotero nchito iyi iyesa dzanja, niyesanso kukhulupirika kwa munthu.

Inu amene mugwira nyundo, khomani msomali pa mtanda uli wonse, ngakhale palibe wakuonani. Ndi inu eni nyumba, musamfulumize mmisiri, ndipo musamkanize mtengo woyenera nchito yace. Ana a ana anu adzakwawa pa khonde limenelo.