Kadontho ka malipiro

Lolemba

Gawo lotsatira pa pulogalamu ya maoda a mpunga imene ndikuwapangira achemwali ndi lofunsa mmene kasitomala walipirira. Achemwali amaoda mpunga wa Kilombero ku Karonga n'kumagulitsa kuno ku Lilongwe, ndipo ndalama zimawapeza m'njira zitatu: kashi, Airtel Money kapena Mpamba. Sindikufuna kuti azilemba okha mawuwo. Lero adzalemba "mpamba", mawa "TNM", mkuja "pa foni", ndiye mwezi ukatha palibe chidzawerengeke. Ndikufuna timabatani tozungulira tija, toti ukadina kamodzi kadontho kamachoka pa kanzake. Dzina lake ndi RadioButton.

Ndikugwiritsa ntchito .NET MAUI ya Microsoft, imene inatuluka mu 2022 kulowa m'malo mwa Xamarin.Forms. Maonekedwe umalemba mu XAML, zochita mu C#, ndipo pulogalamu yomweyo imayenda pa Android, iOS, Windows ndi Mac. Achemwali ali ndi foni ya Android, koma madzulo amakonda kuwerengera ndalama pa laputopu, choncho ziwiri mwa zinayizo ndikuzifunadi.

Mavidiyo ambiri amene ndikupeza ndi a Xamarin, yomwe eni ake anasiya kuisamalira pa 1 Meyi 2024. Akale kwambiri amaphunzitsa kudzipangira wekha kabatani, chifukwa Xamarin.Forms inakhala nthawi yaitali ilibe RadioButton: inabwera moyeserera mu 4.6, n'kukhazikika mu 5.0 m'chaka cha 2021. Masiku ano ndimayamba ndaona chaka cha vidiyo bandulo isanapite.

Emulator laputopu yanga ikuilemera, ndiye ndikuyesera pa foni yeniyeni. Umadina Build number kasanu ndi kawiri, n'kuyatsa USB debugging, n'kulumikiza chingwe. Mu VerticalStackLayout ndaika mizere itatu ya RadioButton, uliwonse ndi Content yake. Zatheka pomwepo, ngakhale sindinawauze mabataniwo kuti ndi amodzi. Kutheka kosadziwa chifukwa chake sikundigoneka tulo.

Lachiwiri

Chifukwa chija chadziulula chokha. Ndawonjezera funso lachiwiri: kasitomala adzatenga yekha, kapena timutumizire pa kabaza? Mabatani awiri atsopanowo ndinawaika pansi pa atatu aja. Ndikadina kabaza, kadontho kakuchoka pa Mpamba. MAUI imatenga mabatani onse okhala mu layout imodzi ngati gulu limodzi, pokhapokha uiuze zina. Atatu ndawapatsa GroupName yakuti malipiro, awiri yakuti katumizidwe, ndipo gulu lililonse lili ndi kadontho kake tsopano.

Lachitatu

Lero ndiye ndakhala pansi kwenikweni. Kadontho kakuyenda bwinobwino pa sikirini, koma pulogalamu sikudziwa chimene chasankhidwa. Diso likuona Mpamba, koma oda yosungidwayo ilibe njira yolipirira, chifukwa palibe chimene chikulumikiza batani ndi oda. Ine ndinkaganiza kuti chooneka ndi chosungidwa n'chimodzi.

Njira yoyamba imene ndayesa ndi CheckedChanged, imene imaitanidwa batani likasintha. Ndinaikamo mzere wondilembera dzina la batani nthawi iliyonse ikaitanidwa. Ndikachoka pa kashi kupita pa Mpamba, pakutuluka mayina awiri. Poyamba ndinkayesa chala changa chikudina kawiri. Ayi ndithu. Mabatani amene asintha ndi awiri, lina lazima, lina layaka, ndipo lililonse likunena zake. Umayenera kuyamba wafunsa e.Value: ikakhala false, limenelo ndi lozima, ulisiye. Ukapanda kufunsa, oda ikhoza kulembedwa ndi njira imene munthu waikana kumene, ndipo pa sikirini sipaoneka cholakwika chilichonse.

Njira yachiwiri ndiyo yandigwira mtima. Pa layout yosunga mabatani umalemba RadioButtonGroup.GroupName ndi RadioButtonGroup.SelectedValue, yachiwiriyi n'kuimangirira ku property ya mu ViewModel. Yanga ndaitcha NjiraYolipirira. Batani lililonse limakhala ndi Value yake, yosiyana ndi Content. Content ndi ya maso a achemwali, Value ndi ya pulogalamu. Tsiku lina m'bale wathu wa ku Mzuzu akadzafuna mawu a pa sikirini m'Chitumbuka, ndidzasintha Content yokha, zosungidwa osazikhudza.

Panali kamsampha kena. Ndinapatsa mabatani Value ya 1, 2 ndi 3, ndipo mu ViewModel ndinaika nambala 2 mongoyesera kuti tsamba likatseguka kadontho kakhale pa Airtel Money. Sikanaonekere paliponse. Value ukailemba choncho mu XAML imakhala string, ndipo kwa C# chilembo "2" si nambala 2. Odziwa amagwiritsa ntchito enum ndi x:Static. Ine pakadali pano ndangolemba mawu: kashi, airtel, mpamba. Si zapamwamba, koma ndikatsegula zosungidwa ndikuziwerenga osafunsa munthu.

Lachisanu

Ndayendetsa pa Windows. Zikugwira ntchito mofanana, koma sizikuoneka mofanana: kukula kwa timabwalo ndi mipata yake n'zosiyana ndi za pa foni. MAUI sijambula yokha mabatani pa Android ndi pa Windows, imabwereka a makinawo. Kulemba kamodzi n'zoona, koma kuyesa ndiye pa makina aliwonse payekha.

Ndinafuna kukometsera, kuika kachithunzi ka ndalama pa batani la kashi m'malo mwa mawu. Pa Windows kachithunzi kanatuluka. Pa Android panatuluka mawu akuti Microsoft.Maui.Controls.Image. Batani la Android limadziwa mawu okha, ndiye ukalipatsa chithunzi limangolemba dzina la mtundu wa chinthucho. Mankhwala ake ndi ControlTemplate, imene imachititsa MAUI kujambula yokha batani lonse, ndipo ilipo yokonzeratu yotchedwa RadioButton.DefaultTemplate. Ndayesa, yatheka, kenako ndachotsa zithunzi zonse. Achemwali amadziwa kuwerenga mawu akuti kashi.

Za iOS ndazisiya kaye. Pamafunika Mac yokhala ndi Xcode, ndipo Apple imalipiritsa madola 99 pachaka kwa ofuna kuika pulogalamu pa App Store, pamene Google Play ndi madola 25 kamodzi kokha. Chimene ndaphunzirako n'chakuti iPhone ilibe kabatani kotere ka iyo yokha, ndiye kumeneko MAUI imajambula kake.

Loweruka

Ndawapatsa achemwali foni kuti alowetse maoda a lero, makasitomala ali pageti. Ine ndinangokhala pambali kuonerera chala chawo.

Choyamba, mizere yathithikana. Amafuna Airtel Money, chala chikugwera pa Mpamba. Google imalangiza kuti malo odina asachepere 48 dp, Apple imati 44 pt. Ndaika MinimumHeightRequest ya 48 pa batani lililonse, basi latha limenelo.

Chachiwiri ndiye chachikulu. Pa kashi ndinali nditaika IsChecked kukhala True, poganiza kuti ambiri amalipira choncho, komanso tsamba limaoneka lomalizika kadontho kakakhalapo kale. Achemwali akafulumira amalemba dzina, makilogalamu, n'kudina Sunga. Funso la malipiro saliona n'komwe, poti likuoneka loyankhidwa. Mayi wina analipira pa Mpamba, uthenga unalowa ndithu pa foni ife tikumva, koma oda inasungidwa kuti kashi. Pulogalamu sinadandaule, ndipo sikanadandaula, chifukwa mwa malamulo ake zonse zinali m'malo. Zili ngati kumupatsa munthu pepala lovotera lochonga kale n'kumuuza kuti akafuna asinthe.

Ndaganizira kumene zimenezi zikanathera. Madzulo laputopu ikanati m'kachikwama muyenera kukhala ndalama zakutizakuti, ndalamazo n'kupezeka zoperewera. Maso onse akanagwera mnyamata amene amawathandiza kuyeza mpunga. Kope lakale la achemwali likasowa yankho limasiya mpata woonekera, munthu n'kukumbukira kufunsa. Kadontho kanga kamadzaza mpatawo ndi bodza looneka laukhondo.

Ndili mkati moganiza anandifunsa kuti, "Iwe, nanga amene watenga pa ngongole ndimuika pati?"

"Musadine paliponse, achemwali."

"Ndadina kale. Ndichotsa bwanji?"

Sangachotse. RadioButton ukaidina, kuidinanso sikuizimitsa. Kadontho kamangosamukira pa ina. Ndi mmene inapangidwira, mosiyana ndi CheckBox imene umayatsa n'kuzimitsa. Choncho mayankho amene waika ayenera kukwanira zonse zimene zimachitikadi pa malonda, apo ayi munthu amakakamizika kunama. Ine ndinalemba njira zolipirira, n'kuiwala kuti theka la anthu a mumsewu mwathu amalipira mwezi ukatha.

Lamulungu madzulo

Ndasintha zitatu. Ndawonjezera batani lachinayi lakuti "Sanalipire". Ndachotsa kadontho koyambira pa gulu la malipiro, tsamba likutseguka onse ali osadinidwa. Ndipo batani la Sunga likukhala lozima mpaka NjiraYolipirira itakhala ndi kanthu. Pa katumizidwe ndasiya kadontho pa "adzatenga yekha", chifukwa kumeneko kulakwitsa kumaoneka msanga: kasitomala aimba foni kufunsa kuti wakabaza ali pati.

Ndawerengapo malangizo akuti gulu la mabatani otere lizikhala ndi chosankhidwa kale. Pa zinthu ngati mtundu wa sikirini ndikuvomereza. Pa ndalama za munthu ayi.

Achemwali sanasangalale kwenikweni. Akuti ndawawonjezera ntchito, oda iliyonse adine kamodzi kowonjezera anthu akudikira. Akunena zoona, ndipo sindinawatsutse, koma sindibwezera.

Potsanzikana anandiponyera nkhani ina: mayi wa pagolosale amatenga thumba lonse, theka amatumiza pa Airtel Money, theka amabweretsa kashi mawa lake. Ndinangoti kakasi. Maganizo oyamba anali osintha zonse kukhala CheckBox kuti azidina ziwiri, koma zimenezo sizinena kuti zingati zadzera kuti. Vuto silili pa batani. Ndinamanga pulogalamu poganiza kuti oda imodzi ili ndi malipiro amodzi. Sabata ikubwerayi ndigawa nkhokwe ya SQLite yosungiramo maoda kukhala matebulo awiri, la maoda ndi la malipiro, malipiro aliwonse akhale ndi tsiku lake, kuchuluka kwake ndi njira yake imodzi. Mabatani asamukira ku tsamba lolandirira ndalama, ndipo "Sanalipire" lichokanso, chifukwa ngongole idzakhala mtengo wa oda kuchotsera zimene zalowa.