Pepala lokulungira mandasi

Anzanga a kunyanja, werengani kaye mpaka kumapeto musanatumize kwina.

Lachiwiri lapitali ndinali pa doko ndikumasula kabureta ya Yamaha, mphwanga wa kwa amalume akundigwirira masipanala. Ndi mlovi wa zaka 16, sukulu adalekera sitandade 5. Atapita kukataya madzi kuseri kwa bwato, ndinaona mchenga wafiira. Kumufunsa, iye phwete kuseka: "Achimwene, izi n'za aliyense. Ndiye kukulatu kumeneku."

Masana omwewo ndinagula mandasi. Pepala lomwe anandikulungira linali lofotokoza za likodzo, m'Chingerezi, chithunzi cha nkhono chitanyowa ndi mafuta. Uthenga unafikadi pa doko, koma unafika ngati chokulungira.

Aise, likodzo si kukula ayi. Tizilombo take timachokera mu nkhono, timalowa pakhungu pokoka khoka kapena posamba. Ukalilekerera limawononga chikhodzodzo, ena mpaka kubereka kumavuta. Mankhwala ake, praziquantel, umangomwa tsiku limodzi, utadya kaye. Koma nthawi zambiri amagawira kusukulu. Nanga mlovi wosapita kusukulu? Mapositala nawo amamatidwa kuchipatala, komwe amatsegula nthawi imene anyamata a chilimira angofika kumene kuchokera ku usipa, maso ali tulo tokhatokha.

Chonsecho pulagi ikafa, yatsopano imafika tsiku lomwelo ngakhale pa doko lopanda msewu. Petulo akakwera, tonse timakhala titamva dzuwa lisanalowe. Ndiye kuti njira zilipo kale. Mapepala akhale a Chichewa ndi Chiyao, a zithunzi zambiri, ndipo azisiyidwa kwa ogulitsa mafuta, kotchajitsa mafoni, koonetsa mpira, kwa a komiti ya doko ndi kwa ife amakaniko. Amene satha kuwerenga tiziwajambulira mawu pa WhatsApp.

Lachinayi ndinamutenga mphwanga uja mpaka kuchipatala. Anavuta, ati aluza ndalama ya usiku umenewo, mpaka ndinachita kumulipira ndine. Anamwa mankhwala. Mlangizi wa zaumoyo anandipatsa mapepala 20, limodzi ndakhoma pa shedi panga, pamwamba pa mndandanda wa angongole pomwe aliyense amasuzumira.

Atsala 19. Amene muli ndi malo pomwe alovi amasonkhana, bwerani mudzatenge. Koma ndikalipeza lakulungidwa usipa, injini yanu mukakonzetse kwina.