Kusanjikiza Utoto pa Chithunzi cha pa Kompyuta

Chaka china tinapatsa ophunzira athu a uphunzitsi ntchito yojambula pa kompyuta kamtsikana kosenza ndowa ya madzi, kuti chithunzicho chikathandize pa phunziro la kuwerenga. Tinawauza kuti mthunzi ndi wakuda ndipo kuwala ndi koyera, iwonso anamvera monga achitira ophunzira aulemu. Zithunzi zitabwera, nkhope zonse zinali mbali ina mwaye, mbali ina phulusa lotuwa kuti mbuu. Tinayesa kukonza koma tinalephera, pakuti mizere, utoto ndi mthunzi zinapakidwa pamalo amodzi, kotero kuti pofufuta mthunzi tinkafufutanso diso ndi mphuno. Mlandu unali wathu, ndipo tikuulemba pano kuti inu amene mukukonzekera kuima patsogolo pa ana musaubwereze.

Njira imene tikanayamba nayo ndi yakale kuposa kompyuta. M'chaka cha 1914 Earl Hurd wa ku America anatulukira zojambula anthu a m'makatuni pa timapepala toonekera mkati tosanjikizana, kuti wojambula azisintha munthu osakhudza nyumba ili kumbuyo kwake. Photoshop inalandira nzeru yomweyi mu 1994 m'dzina la ma layer, ndipo Krita ndi GIMP, zimene sizilira ndalama, zili nawonso. Ife m'kalasi timangowatcha masamba.

Tsamba la pamwamba penipeni ndi la mizere yokhayokha. Pansi pake timaika utoto wosalala, wopanda mthunzi, chinthu chilichonse pa tsamba lakelake: khungu, tsitsi, diresi, ndowa. Mthunzi ndi kuwala zimalowa pakati, pamwamba pa utoto koma pansi pa mizere. Kuti mthunzi wa pa diresi usasefukire pa mkono, timaumangirira ku tsamba la diresilo. Mu Photoshop chomangiracho ndi clipping mask, mu Krita ndi inherit alpha.

Tsono pa mthunzi ndi pamene tifuna kukhalitsa. Tsamba lake timaliika pa Multiply, ndipo amene munaphunzira masamu simudzavutika kumvetsa. Kompyuta imawerenga utoto ngati nambala ya pakati pa 0 ndi 1. Wakuda bii ndi 0, woyera ndi 1. Multiply imachulukitsa nambala ya pamwamba ndi ya pansi, mwakuti 0.5 pa 0.5 imabala 0.25. Choncho woyera susintha kanthu, wakuda umameza zonse. Khungu la ana athu ndi lodera kale, nambala zake ndi zazing'ono, ndipo mukalithira wakuda mumatha kufiirira kumene kumalipatsa moyo. Nchifukwa chake masiku ano timatenga wachibakuwa kapena wofiirira, nkuuchepetsa mphamvu mpaka khungu lionekere pansi pake. Kuwala timakuika pa tsamba lina, pa Screen kapena Overlay, ndi utoto wonga wa lalanje, pang'ono pokha pamphumi, pa tsaya ndi pa mphuno. Tiona ife kuti pa khungu lodera kuwala kumeneku kumaumba nkhope kuposa mthunzi.

Koma zida zonsezi sizidziwa kumene dzuwa lili. Tisanalole wophunzira kupaka mthunzi, timatuluka naye panja chakum'mawa, mnzake wina nkusenza ndowa, ndipo timamufunsa aloze pamene pada: pansi pa ndowa, pansi pa chibwano, m'makwinya a chovala. Akabwerera amajambula kamuvi pa tsamba lapadera kosonyeza kochokera dzuwa, ndipo kamuviko sikachoka mpaka ntchito itatha.

Phindu lalikulu kwa mphunzitsi lili pochonga. Tsamba lililonse lili ndi kadiso pambali. Mukakatseka, tsambalo limabisika. Potseka limodzilimodzi mumaona pamene mwana anasochera, monga momwe mumaonera njira yake pa samu yogawa, ndipo mumamuuza akonze tsamba limenelo lokha. Pali ena okonda masamba mopyola muyeso, amene amawaunjika ambirimbiri opanda maina mpaka eni ake osadziwanso la tsitsi ndi liti. Otere timawabweza akayambe alemba maina.

JPEG imaphatikiza masamba onse kukhala limodzi. Timailandira pokhapokha yabwera pamodzi ndi KRA kapena PSD yake.